Mapazi a Malemu Wasyl Ankafunda Usiku

Ndikulumbira, amwene, izi simuzikhulupirira. Ngakhale nditagwira Baibulo ndi manja onse awiri mungoti Darcy wayambanso zake zija. Koma takhalani pansi, masewera akadali kutali, anawo sanamange n'komwe nsapato zawo zotsetserekera pa ayezi. Shauna, tawathirira khofi akuluakuluwa, wanga uike shuga wambiri. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ine Darcy Bodnar, munthu amene aphunzitsi ankati mutu wanga ndi wongokhazikapo chipewa, ndinapulumutsira mawu a munthu wakufa.

Muno mu Hafton mulibe wodziwa kompyuta kuposa ine, zimenezo ngakhale adani anga amavomera. Sukulu ndinaisiya msanga chifukwa inkandichedwetsa. Ine kompyuta ndikangoisuzumira kumbuyo ndimadziwa pamene pakuipweteka, ngati mmene mlimi amadziwira ng'ombe yodwala poiona kayendedwe.

A Wasyl Demkiw mukuwakumbuka, a ng'ombe aja a kumsewu wa kumpoto. Akazi awo, mayi Nettie, ndi azakhali ake a Shauna uyu, ndiye ndikanama andidule mawu. A Wasyl anamwalira chisanu chili pachimake, ndipo sabata yomweyo kunagwa chimphepo cha chipale chofewa chija chinatseka misewu yonse. Mwana wawo wamkazi anakanirira kumzinda wa Calgary. Maliro anayenera kudikira, thupi lili kunyumba yokonzera maliro ya a Orest Pawluk.

A Orest anandiimbira foni masana. Nditafika ndinapeza mayi Nettie atakhala mu ofesi, atafumbata kanthu kokulunga m'kansalu kopukutira mbale ngati buledi wotentha. Atafunyulula, munali dilaivu yakale yakuda, kabokosi kosungiramo za pakompyuta, kukula kwake ngati sopo wochapira, yokandikakandika, ikununkha dizilo.

"A Wasyl anadzijambula vidiyo asanapite," anatero motsitsa. "Anati mukawaonetse anthu tsiku la maliro. Ine anandiletsa kuonera. Kulibenso kwina kumene anasunga, ndi momwemu basi."

"Amayi, siyirani ine," ndinatero. "Pitani mukapume. Izi kwa ine ndi madzi akumwa."

Ananyamuka kubwerera kufamu chipale chitayamba kale kugwa.

Tsono dilaivuyo inali nkhalamba yodwala. Moyo wake wonse inakhala m'galimoto la a Wasyl, ikuzizidwa, ikugwedezeka m'misewu ya miyala. Nditailumikiza pa laputopu yanga inangoti tsi, tsi, tsi, ngati wotchi yomwe ikutha batire. Odziwa ntchito ngati ine timadziwa kuti kaphokoso kameneko ndi kupuma komaliza, tsi aliyense akuidyera moyo. Inkafuna moto wamphamvu, ndipo malo okhawo amene inavomera kudzuka anali mabowo a USB a kumbuyo kwa chikompyuta cha a Orest, chimene amaonetsera zithunzi m'chipinda chopempherera. Mabowo a kutsogolo anafa kalekale, mwana wina anamatamo chingamu. Kumbuyo kunali atatu okha.

Vuto lina, a Wasyl sankalemba maina. Munali mavidiyo ankhaninkhani: ng'ombe zikubereka, mitambo, thalakitala, galu akuuwa nungu. Kutsegula imodziimodzi dilaivu ikanafera m'manja. Ndiye ndinati ndikopere zonse m'kompyuta ngati mtolo umodzi wosatseguka usanathe wonse, ziyende pang'onopang'ono usiku wonse, m'mawa ndidzafufuze mtima uli m'malo. Ndinalumikiza pa bowo loyamba, kamzere kobiriwira koonetsa pamene kukopera kwafika kanayamba kukwawa, ine ulendo kunyumba.

M'mawa ndinapeza kamzere kataima panjira. Dilaivu ili pomwepo, chingwe chili m'bowo, koma kompyuta ikuti palibe chilichonse.

Ndinachita zonse zimene katswiri amachita. Ndinasintha chingwe. Ndinauzira m'bowo kuchotsa fumbi, ndinaunikamo ndi tochi kuona ngati timano tamkati tapindika. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinachotsa timapulogalamu toyendetsa mabowo n'kuikanso. Ndinalowetsamo fulashi yanga imene sinandikanepo kulikonse. Zii. Bowo lija linali litafa ngati mwala. Pakona pa sikirini panali kauthenga kakuti chipangizo chosadziwika chakoka moto woposa muyeso.

A Orest anaima pakhomo atatsamira ndodo yawo. Iwo amagona m'chipinda cha pamwamba m'nyumba yomweyo, okhaokha chimwalirireni akazi awo.

"Mnyamata iwe," anatero, "chinthu chakochi chimalira chokha?"

"Kulira bwanji, bambo?"

"Kaphokoso kaja kamamveka ukalumikiza kanthu. Tu-dum. Kompyutayi inalumikizidwa ku masipika a m'chipinda chopempherera, ndiye usiku nyumba yonse inanjenjemera. Tu-dum. Kenaka patapita nthawi, dum-tu, ngati wina wazula."

Ndinaseka. Ndinati ndi magetsi akuphethira chifukwa cha mphepo. Iwo sanaseke. Anayang'ana chitseko cha chipinda chozizira chimene munagona a Wasyl.

Ndinasamutsira dilaivu pa bowo lachiwiri. Inati tsi, tsi, tsi, tsi, nthawi yaitali kuposa dzulo lake, mpaka ine thukuta kumsana. Kenaka inazungulira. Ndinayambitsanso kukopera, ndinamata tepi pachingwe kuti chisagwedezeke, n'kuchenjeza a Orest kuti munthu asalowe mu ofesimo.

M'mawa mwake bowo lachiwiri linali litafa. Kauthenga komwe kaja. Ndipo tepi yanga ija, amwene, inali itamatulidwa bwinobwino, n'kumatidwanso mwaulemu, mowongoka kuposa mmene ndinamatira ine.

A Orest anandikokera m'kakhonde ka mkati mwa nyumba. Inu mukuwadziwa, munthu amene wakonza maliro chiyambire ubwana wake, amatha kudya sangweji ataima pambali pa bokosi. Tsiku limenelo milomo inali yotuwa.

"Usauze munthu," ananong'ona. "Chivundikiro cha kumapazi kwa bokosi ndinachipeza chosakhoma. Ndinati ndikonze nsalu. Darcy, mapazi a Wasyl akufunda."

"Kufunda bwanji?"

"Kufunda! Ngati a munthu amene wangotuluka m'bulangeti. Manja ozizira, nkhope yozizira, mapazi okha. Dzulo m'mawa zinali chomwecho, ndinangokhala chete ndimvekere mwina ndi ukalamba wanga. Lero zawonjeza."

"Mwina sanafe bwinobwino?"

Anandiyang'ana ngati andimenye ndodo. "Ndinamukonza ndekha ndi manja angawa. Munthu amene ndamukonza ine sabwerera."

Ine sindinauze munthu. Chabwino, ndinauza Brent yekha pogulitsira mafuta, koma Brent ndi wailesi. Pofika madzulo nkhani inali itadzaza tauni. Ena ankati a Wasyl akumadzuka kukafufuta vidiyo chifukwa anatchulamo amene anawabera ng'ombe. Ena ankati ayi, anaululamo za mkazi wina wa ku Yorkton, tsopano akuchita manyazi. Amayi a ku tchalitchi, akupinda ma perogi a pamaliro, tizitumbuwa tija toika mbatata mkati, ankanong'onezana kuti munthu ukamusunga nthawi yaitali osamuika amayamba kufunafuna njira yobwerera kwawo. Mkulu wina anabwera dala kudzandiuza kuti wakufa amakoka moto wa magetsi ngati mmene ng'ombe imakokera madzi.

Ine zimenezo sizinandikhudze. Chimene chinkandiluma n'chakuti msewu unali utatsegulidwa, mwana wamkazi uja ali panjira, maliro mawa lake. Bowo latsala limodzi. Ndipo dilaivu nditailumikiza pa bowo lomalizalo inalira tsi tsi mpaka ndinayamba kupemphera, ine wosapemphera. Itadzuka ndinadziwa kuti ikangozulidwanso kamodzi, basi, mawu a a Wasyl apita nawo kumanda, ndipo ine ndikayang'ana bwanji mayi Nettie amene ndinawauza kuti ndi madzi akumwa?

"Lero ndigona pompano," ndinauza a Orest.

"Ine chiuno changa sichilola masitepe usiku," anayankha mwachangu. "Ukakuwa ndimva."

"Ine sindikuwa, bambo."

Ndinazimitsa magetsi onse kuti chinthucho chisadziwe kuti muli munthu. Ndinakhala pampando kuseri kwa kabati, malo amene ndinasankha mwanzeru chifukwa ndinkaona kompyuta, chitseko cha ofesi chili chotsegula pang'ono, komanso kachigawo ka khonde kopita kuchipinda chozizira. Kuwala kunali kwa sikirini kokha, kobiriwira, kofooka, kokwanira kungoonetsa m'mphepete mwa zinthu.

Inu simunakhalepo m'nyumba ya maliro usiku. Nyumba imeneyo siikhala chete. Ng'anjo yotenthetsa nyumba imapuma pansi penipeni, fuuu, n'kusiya, n'kuyambanso, ngati chifuwa cha munthu wamkulu. Mapaipi amagogoda m'makoma. Mphepo inkakanda zenera ndi chipale, tsekeretsekere, ngati zikhadabo zazing'ono. Fungo la maluwa ndi mankhwala opukutira matabwa linkandikhala pakhosi. Ndipo pansi pa zonsezo dilaivu inkalira kamluzu kake kochepa, kamzere kakukwawa, kakukwawa, katadutsa kale theka.

Nthawi inapita. Miyendo inachita dzanzi. Ndinayamba kudziuza kuti palibe chichitike.

Kenaka ndinamva kiyi.

Osati chitseko chachikulu cha kutsogolo, koma kachitseko ka m'mbali kolowetsera maluwa. Kiyi anazungulira pang'onopang'ono, ngati wotsegulayo akuopa kudzutsa ogona. Mphepo yozizira inakwawa pansi n'kundigwira akakolo. Kenaka kuyenda. Sikunali kuponda ayi, kunali kukhwekhwereza, khwee, khwee, n'kuima, khwee. Chinthu chachikulu chakuda, chopanda khosi, chinadutsa pa kampata ka chitseko. Ndinaona mapewa okha. Ndipo jekete limenelo ndinalidziwa: chijekete chofiirira cha a Wasyl, chong'ambika paphewa, chimene ankavala popita kumsika wa ng'ombe.

Ine mtima wanga ndi wa mkango, koma usiku umenewo mkangowo unakhala kaye pansi.

Chitseko cha chipinda chozizira chinalira. Chivundikiro cha bokosi chinati kwee. Nsalu zinachita phokoso. Kenaka mawu, onong'ona, osamveka bwino, akukwera ndi kutsika ngati munthu akutonthoza mwana. Ndinatchera khutu mpaka linandiwawa. Ndinangotola mawu awiri atatu: "...kuzizira... pirirani... pompano..."

Ndinasuzumira. Mumdima wa m'chipindamo, kumapazi kwa bokosi, munayaka timaso tiwiri tofiira. Tosaphethira. Tikuyang'ana kumene ndinali.

Sindikudziwa kuti ndinayang'anizana nato nthawi yaitali bwanji. Ng'anjo inapuma, inasiya, inapumanso. Kamzere pa sikirini kanali katatsala pang'ono kufika kumapeto. Kenaka timaso tija tinayamba kuphethira, tinafooka, limodzi linazima, linzake linatsatira. Mawu aja anausa moyo. Ndipo kukhwekhwereza kunayambanso, khwee, khwee, tsopano kukubwera ku ofesi.

Chitseko chinakankhidwa. Chinthucho chinaima pafupi nane, ndikanatha kuchigwira. Chinkanunkha khola ndi chisanu. Chinawerama pa kompyuta. M'kuwala kobiriwira ndinaona dzanja likutuluka m'mkono wa jekete, lowonda, la mitsempha, litagwira kachingwe koyera ka michira iwiri. Dzanja linalo linapapasa kumbuyo kwa kompyuta, linapeza tepi yanga, linayamba kumatula ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, mwaulemu.

Apa ndiye pamene pamaoneka mwamuna. Ndinaimirira n'kunena ndi mawu aakulu, okhazikika: "Musazule!"

Chinthucho chinakuwa. Ine nzeru zinathamanga ngati mphezi, ndinaona kuti zala zagwira kale chingwe cha dilaivu, ndiye ndinazula dala chingwe cha magetsi kukhoma kuti zonse zigone pamodzi. Sikirini inazima. Mdima bii. Chotengera maluwa chinagwa chokha pakhonde, madzi ponseponse.

Magetsi a pa masitepe anayaka. A Orest anatsika ndi chiuno chawo chosalola chija mofulumira kuposa mnyamata, ndodo m'mwamba, atavala zogonera za mizeremizere. Anayatsa mu ofesi.

Pakati pa chipinda panaima mayi Nettie, atamira m'chijekete cha amuna awo, nsapato za a Wasyl kumapazi, dzanja pamtima.

"Iwe mwana wa Bodnar!" anatero akupuma movutika. "Ukufuna a Orest akonze maliro awiri?"

"Nettie," a Orest anatsitsa ndodo. "Mwalowa bwanji muno?"

"Ndi kiyi amene munandipatsa inu nomwe. Amene wakhala akukukonzerani maluwa zaka zonsezi ndani?"

Anatambasula dzanja. Pa michira iwiri ya kachingwe koyera kaja panalendewera timabatire tiwiri tating'ono. A Orest anapita m'chipinda chozizira, ine ndikuwatsatira patali pang'ono kuti ndiwateteze kumbuyo. Kumapazi kwa a Wasyl kunali masokosi aubweya otuwa, aja otenthetsa ndi batire amene amavala osaka nyama ndi oyendetsa mathalakitala. Timaso tofiira tija tinali timagetsi ta mabatire.

Mayi Nettie anakhala pampando wanga uja. Mawu awo anachepa.

"Mapazi awo sankafunda, chikwatiraneni. Usiku ankandiika pamsana ngati miyala ya mumtsinje. Ndiye ndinawagulira masokosiwa. Tsopano ine ndagona pabedi kwa mchemwali wanga, bulangeti ziwiri, iwo ali muno mufiriji opanda kanthu. Tulo tingabwere? Ndimangobwera, ndiwaveke, ndikhale nawo pang'ono, kusanache ndiwavule ndizipita. Ndinkachita manyazi kukuuzani, Orest, mukanati nkhalambayi yapenga."

"Nanga kompyuta mumaifunanji, amayi?" ndinafunsa.

"Mabatire amatha msanga. A Wasyl ankatchajira m'galimoto, ine cholumikizira kukhoma sindikudziwa kumene anaika. Ndinaona kuti kachingweka kakukwana pabowopo. Mabowo a kutsogolo sayatsa, ndinayesa, ndipo kumbuyoko mumdima ndimangotsatira chingwe. Ndiye ndimangobwereka pamene pali kachingwe kako, ndikamaliza ndimabwezera bwinobwino. Sindinaononge kanthu, eti?"

A Orest anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana dilaivu. Mayi Nettie anatsatira maso anga, anaona kansalu kawo kopukutira mbale kali pansi pake, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumvetsa pang'onopang'ono.

"Chingwe chimene ndinkazulacho... ndi cha a Wasyl?"

"Mabatire awiri pabowo limodzi amakoka moto wambiri, amayi, bowo limadzitseka. Ndipo dilaivu ikazulidwa ili mkati mogwira ntchito..."

"Ndiye ndine?" anatero. "Ine ndikuwafunditsa mapazi uku ndikuwatseka pakamwa?"

Sanalire mokweza. Anangogwira m'mphepete mwa tebulo. Amwene, chiyambire ndaonapo zinthu, koma chimenecho chinandiwawa kuposa timaso tofiira tija.

"Tiyese," ndinatero. Nthawi imeneyi sindinanene za madzi akumwa.

Ndinabwezera chingwe kukhoma. Kompyuta inadzuka. Tsono tamverani chinsinsi cha akatswiri: bowo likadzitseka, kuzimitsa ndi kuyatsa sikuthandiza, chifukwa kamoto kamatsalira mkati ngakhale sikirini yazima. Pamafunika kuzula kukhoma penipeni, moto wonse utuluke. Ndinalowetsa fulashi yanga pa bowo lachiwiri, lija linafa. Masipika onse a m'chipinda chopempherera anati tu-dum! A Orest analumpha. Bowo linali litauka.

Koma dilaivu inakana. Tsi. Tsi. Tsi. Kachitseko ka maluwa kanali katatsala kotsegula nthawi yonseyi, mu ofesi mukuzizira ngati panja, dilaivu ili ngati chipale m'manja. Ndinazula msanga. Ndinayesanso. Tsi. Tsi. Mofooka kuposa kale.

"Yazizidwa," ndinatero. "Mafuta a mkati auma. Tikayesanso kamodzi kapena kawiri ndiye kuti yapita."

Mayi Nettie anaimirira. Analowa m'chipinda chozizira, tinamva akuti, "Pepani bambo, ndibwereke limodzi," n'kubwera ndi sokosi. Linali lidakali lofunda. Analowetsamo dilaivu, anaifumbata pachifuwa mkati mwa jekete, n'kukhala pansi akuigwedeza pang'onopang'ono ngati khanda. A Orest anatseka chitseko. Tinadikira. Ng'anjo inapuma, inasiya, inapuma.

Atandipatsa, ndinalumikiza ili m'sokosi momwemo. Tsi. Tsi. Ine maso ndatsinzina. Tsi. Kenaka kamluzu kaja, kochepa, kakukwera. Tu-dum.

"Sitikoperanso zonse, sipirira," ndinatero. "Koma vidiyoyo sindikuidziwa, muli zikwizikwi."

"Ukanandifunsa tsiku loyamba lija," anatero mayi Nettie. "Ndi tsiku limene tinagulitsa ana a ng'ombe omaliza, chipale choyamba chikugwa. Anapita kukhola atavala shati yoyera ya kutchalitchi, akuganiza kuti sindinaone."

Tinayang'ana masiku a mwezi umenewo. Pakati pa tizithunzi ta ng'ombe ndi mitambo panali kamodzi ka munthu wa shati yoyera atakhala pa mtolo wa udzu. Ndinakokera pa fulashi yanga. Kamzere kanakwawa, kanaima, mtima wanga unaima nako, kanayendanso, kanafika. Dilaivu inati tsi kamodzi, n'kukhala chete. Sinadzukenso mpaka lero.

"Tiione?" anafunsa a Orest.

"Ayi," anatero mayi Nettie. "Anati pamaliro."

Pamaliropo ena a inu munalipo. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, theka anabwera kudzamva dzina la wakuba ng'ombe ndi la mkazi wa ku Yorkton. A Wasyl anaoneka pa sikirini, anakhosomola, anadandaula za mtengo wa udzu, anathokoza oyandikana nawo, anauza mwana wawo kuti asagulitse galu. Kenaka anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Nettie," anatero. "Iwe ndikukudziwa. Uzidzakhala maso usiku ukudandaula kuti ndikuzizidwa pansipo. Ndiye ndikuuze zoona. Masokosi aja ankandiwotcha. Mapazi ankatuluka thukuta ngati ali mumphika. Ukangotembenuka ndinkazimitsa. Ndinkavala chifukwa unagula ndiwe. Ndipo mapazi ozizira aja ndinkakuika pamsana dala, kuti utembenuke undikalipire. Ndiye ugone, mayi. Ine ndili bwino."

Chipinda chonse chinaseka, kenaka chinalira, kenaka zonse pamodzi. Mayi Nettie anaphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Ndinangomva akuti, "Chitsiru cha munthu." A Wasyl anawaika m'manda ndi masokosi omwewo, opanda mabatire.

Koma dikirani, chimene chimandilepheretsa tulo ndi ichi. Pa chakudya, ndili ndi mbale yanga ya ma perogi, a Orest anafunsa mayi Nettie kuti usiku woyamba uja anabwera bwanji kuchokera kufamu m'chimphepo chonse chija.

"Usiku woyamba?" anatero. "Ine sindinabwere. Chipale chinanditsekera m'nyumba, anadzandifukula ndi thalakitala m'mawa mwake. Ndinayamba kubwera nditasamukira kwa mchemwali wanga."

A Orest anaika foloko pansi. Ine ndinayang'ana iwo, iwo anayang'ana ine. Usiku woyambawo masipika analira. M'mawa wake mapazi anali ofunda. Ndipo mwa mabowo awiri anafa aja, lachiwiri linauka nditazula kukhoma. Loyamba lija silinaukenso. Ndaliyesa ndi chilichonse. A Orest analimata tepi yakuda, ndipo salola munthu kuligwira.

Ndiye mmenemo ndi mmene ine, ndi kulimba mtima komanso nzeru zanga zozula chingwe nthawi yake yeniyeni...

Ukuti chiyani, Shauna? Thira khofi, nkhani ya akuluakulu iyi.

Azakhali ako anakuuza chiyani? Kuti sanamve "musazule"? Anamva "mayo"? Amayi aja makutu anayamba kuwavuta, aliyense akudziwa. Bondo langa? Bondo ndinatupa ndi zina, ndinaterereka pa chipale. Brent, aise, tasiya kuseka, iwe kunalibe. Chotengera maluwa ndanena kale kuti chinagwa chokha. Anandipeza pansi pakhonde chifukwa ndinkayang'ana ngati... Shauna, usawaimbire foni. Ika foniyo pansi. Amayi aja ndi achikulire, akupuma.

Chabwino, chabwino. Kanthu kamodzi kokha. Chingwe cha magetsi chija sindinazule ndi dzanja. Chinandikola mwendo ndikulowera kuchitseko.

Koma mwendowo ndi wa ndani? Si wanga womwe?